Mayi Amene Anasiya Kumvera Lachinayi

Tsiku limene mwendo unamukana kachitatu, Tabitha Jesire anabwerera ku kampu ya othamanga pa njinga yamoto yonyamula mkaka, atapanikizika pakati pa zigubu ziwiri, nsapato imodzi ili m'manja.

Linali Lachinayi. Kuno ku Iten, tauni ya m'mapiri, 9 koloko ya Lachinayi ikamakwana othamanga oposa mazana awiri amakhala ataunjikana pamphambano. Wina amakuwa kuti lero ndi mphindi imodzi yamoto, mphindi imodzi yozizira, maulendo makumi awiri ndi asanu. Mawotchi amalira pamodzi ngati achule a m'dambo, fumbi lofiira n'kukwera. Tabitha anapirira maulendo khumi ndi anayi. Pa ulendo wotsatira, katumba wa mwendo wamanzere anachita ngati wagendedwa ndi mwala. Anacheuka kuti aone wamugendayo. Kumbuyo kunalibe munthu, chifukwa womaliza anali iye.

Anali ndi zaka 43.

Inu amene mukuwerenga muli pansi lero, kaya ntchito yatha, kaya mayeso akukanani, kaya anthu ayamba kukuuzani mwaulemu kuti nthawi yanu inapita, mvetserani za mayi ameneyu.

Sindikunamizani kuti ali mwana ankathamanga makilomita khumi popita kusukulu. Sukulu inali kuseri kwa khola. Bambo ake anamwalira iye ali sitandade 6, ndipo maphunziro anathera pomwepo. Anabwera ku Iten ali ndi zaka 19 kudzathandiza azakhali ake kuchapa zovala za othamanga, n'kuona kuti amene amadetsa zovala amadya bwino kuposa amene amachapa. Anayamba kuthamanga. Ali ndi zaka 31 anamaliza marathoni mu mzinda wina wozizira ku Ulaya mu maola awiri ndi mphindi 27, n'kukhala wachitatu.

Kenako kunabadwa Kimutai, kenako mlongo wake. Bambo wa anawo anapita ku Mombasa ndi galimoto imene miyendo ya Tabitha inagula, ndipo mpaka lero akuti akubwera. Zaka khumi ndi chimodzi Tabitha analima mbatatesi pa kamunda ka mayi ake. Atakwanitsa zaka 42 anasiya ana kwa mayi akewo n'kukagogoda pageti la a Kochi Chemweno, amene anamuphunzitsa ali mtsikana. Anamupatsa bedi chifukwa cha zakale.

Masana a Lachinayi lomwelo a Chemweno anamuitanira pakhonde. Anamukumbutsa kuti kampu imatumiza amayi asanu ndi mmodzi okha kunja mu Epulo, kuti dzina lake lili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, komanso kuti atsikana ochokera ku Marakwet amabwera pageti sabata iliyonse kudzafunsa ngati pali bedi.

"Tabitha, ine ndimakulemekeza. Koma kampu si chipatala."

"Mwendo upola, akochi."

"Unapola mu Januwale. Unapolanso mu Epulo. Pano ndi Juni." Anayang'ana kumbali, kumene kunayanikidwa nsapato. "Kumapeto kwa Okutobala kuli marathoni m'tauni kumunsiku. Ukamalize mphindi 35 zisanakwane pamwamba pa maola awiri. Zikakanika, dzina ndichotsa. Kukhitchini kukufunika munthu wodziwa chapati."

Ananena zimenezi mokoma mtima, ndipo ndicho chinapweteka kwambiri.

M'mawa mwake Tabitha anatsimphina mpaka kuseri kwa golosale, kukachipinda ka a Kendagor. A Kendagor anali mlangizi wa ziweto m'boma kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito anayamba kutikita minofu ya othamanga. Ankanena kuti kusiyana kwake n'kumodzi: ng'ombe sinama.

Anamugoneka pathebulo, n'kuyendetsa chala chachikulu pa katumba mpaka Tabitha analuma mtsamiro. Kenako anamuuza kuti afotokoze sabata yake yonse. Tabitha anadabwa, chifukwa sabata ya ku Iten ndi imodzi ndipo ngakhale ogulitsa masamba amaidziwa. Lolemba makilomita 18 ndi gulu. Lachiwiri liwiro pabwalo. Lachitatu ndi gulu. Lachinayi pamphambano. Lachisanu ndi gulu. Loweruka mtunda wautali. Lamulungu kutchalitchi.

"Tsiku lofewa ndi liti pamenepa, make Kimutai?"

"Lachitatu. Ndi Lachisanu."

"Umathamanga ndi ndani?"

"Ndi atsikana."

"Amakusiya?"

"Sindiwalola."

"Ndiye ulibe tsiku lofewa."

Apa ndiime pang'ono, chifukwa zimene a Kendagor ankamva ndi zala zili m'mabukunso. Munthu akadutsa zaka makumi anayi, mtima wake sugundanso mofulumira ngati kale akafika pachimake. Chaka chilichonse umabweza pang'ono, mosapempha chilolezo. Minofu imaphwa, makamaka imene imapereka liwiro. Mitsempha ya kuchidendene imataya kunyumphuka kwake, ndipo katumba amayamba kusenza ntchito ya anzake. Choopsa kwambiri n'chakuti zimene thupi la mtsikana limakonza usiku umodzi, la mayi limakonza masiku awiri kapena atatu. Kuthamanga kolimba kumang'amba minofu pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zimabwera pamene thupi likusoka. Tabitha ankang'amba pamene sipanasokedwe.

Koma pali zina zimene ukalamba suchedwa kubweza ngati chipepeso. Thupi limene lathamanga zaka zambiri silimwaza mphamvu. Limadziwa kuponda. Limatha kukhala pafupi ndi malire ake kwa nthawi yaitali osapsa. Pa mamita 800 zimenezi sizithandiza munthu. Pa makilomita 42 ndi chuma.

A Kendagor sananene zambiri chotere. Anangoti kuyambira mwendo ukapola, sabata ya Tabitha idzakhala ya masiku atatu: limodzi lolimba, awiri ofewa, n'kuyambiranso. Tsiku lolimba likagwera pa Lachinayi, apite pamphambano. Likapanda kugwerapo, Lachinayi limudutse.

Tabitha anawerengera pa zala n'kupeza kuti angakumane ndi gulu kamodzi pa masabata atatu. Anadzuka pathebulo. Kuno munthu sathamanga yekha. Wothamanga yekha amakhala wovulala, kapena mlendo wochokera kunja, kapena mutu wayamba kusokonekera. Gulu ndi limene limakudzutsa, limakukoka pachitunda, limakuchititsa manyazi ukafuna kuima. Aliyense amene anatchuka kuchokera m'mapiri ano anatuluka m'gulu.

"Bambo, sabata ya Mulungu ili ndi masiku asanu ndi awiri."

"Mwendo wakowu sunapiteko ku Sande sukulu. Gona, sindinamalize."

Masabata asanu oyamba sanathamange n'komwe. M'mawa gulu likatuluka pageti, iye ankatsala pabwalo ndi zigubu ziwiri za madzi, kukwera ndi kutsika pa benchi. Ankaima m'mphepete mwa sitepe ya kukhitchini, kukwezeka pa zala, kutsitsa chidendene pang'onopang'ono, mpaka ntchafu zikunjenjemera. A Kendagor anamuuzanso kuti tiyi wa shuga ndi buledi ndi chakudya cha ana. Mayi amene akufuna minofu isathawe adye mazira, nyemba, ndi chambiko cha m'chipanda kawiri pa tsiku.

Zigubu sizinali zovuta. Chovuta chinali kukhala.

Tabitha sankakhazikika. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Ankachapa masokosi oyera. Akamva mapazi a gulu akudutsa kuseri kwa mpanda, miyendo yake inkayabwa ngati yalowa nyerere. Ankawerenga masiku otsala pa kalendala ya m'chipinda chodyera, n'kubwereranso masana kukawerenga ngati asintha.

Atayamba kuthamanga mu Julayi, zinthu zinaipiraipira. Tsiku lofewa la a Kendagor linali lofewa zenizeni: liwiro loti munthu angathe kuimba nyimbo yonse ya kwaya osadukiza. Amayi opita kuchigayo ankamupatsa moni n'kuyamba kumufotokozera nkhani. Tsiku lina anadutsidwa ndi azungu awiri onenepa amene anabwera kudzaona kumene akatswiri amachokera, ndipo mmodzi anamulimbikitsa ndi chala chachikulu.

Mtsikana wothamanga kwambiri pakampupo anali Jebiwot, wa zaka 24, miyendo yaitali ngati ya kakowa, pakamwa posatseka. Gulu likamadutsa Tabitha pamsewu wa fumbi, iye ndiye ankayamba.

"Agogo, mwataya singano kodi? Tikuthandizeni kufuna?"

"Ndikufuna ulemu wako, mwanawe. Akuti unagwera cha pompano."

Atsikana ankaseka mpaka kusokoneza mapazi, n'kupita. Fumbi lawo linkatsala m'mano mwake.

Kamodzi pa masabata atatu tsiku lolimba linkagweranso pa Lamulungu, pamene Iten yense amapuma. Tabitha ankathamanga kukangocha, yekhayekha, msewu wonse uli wake, kenako n'kusamba, kuvala yunifolomu ya kwaya, kukaima m'tchalitchi mawondo akugwedezeka. Mayi wotsogolera kwaya anamufunsa ngati akudwala malungo.

Musaganize kuti anali woyera mtima. Mu Ogasiti anagwa. Linali Lachisanu, tsiku lofewa, gulu linamupeza pachitunda, ndipo Jebiwot anangomumwetulira. Tabitha anapezeka ali pakati pawo. Anapita nawo makilomita khumi ndi awiri, anamaliza wachitatu, ndipo anasangalala ngati mwana woba nzimbe. M'mawa mwake katumba anali gwa ngati chinangwa chouma.

A Kendagor anangogwira kamodzi n'kuchotsa dzanja. Sanafunse. Anamuuza kuti avale nsapato, apite, adzabwere akadzasankha amene akufuna kumumvera, chifukwa iwo akalamba ndipo alibe zala zotaya. Tabitha anaima panja pa golosale kwa nthawi, kenako analowanso n'kupepesa. Anataya masiku asanu ndi atatu.

Kuyambira pamenepo anayamba kuona zimene manyazi ankamubisira. Tsiku lolimba likafika, ankadzuka ndi miyendo yanjala. Lachinayi lake loyamba pamphambano anamaliza maulendo onse makumi awiri ndi asanu, kwa nthawi yoyamba chibwerereni. Lachinayi lake lachiwiri anamaliza ali pakati pa gulu, osati kumchira. Sanali wachangu kuposa atsikana. Koma ulendo wake womaliza unkafanana ndi woyamba, pamene ambiri ankayamba ngati moto wa udzu n'kumaliza ngati phulusa.

Mayesero enieni anabwera kutatsala masabata atatu.

Linali Lachitatu. M'mawa umenewo Tabitha anali atathamanga makilomita 35, mtunda wake wautali womaliza, ndipo unayenda bwino kwambiri moti sanauze munthu poopa kuuchititsa tsoka. Pa tiyi wa 4 koloko a Chemweno analengeza kuti manijala wa ku Ulaya, amene amapezera kampu mipikisano, wafika m'tauni. Mawa adzakwera kumbuyo kwa pikapu kuti aone gulu ndi maso ake.

Aliyense pano amadziwa tanthauzo lake. Manijala akabwera, ngakhale wothyoka mwendo amamanga nsanza n'kupita pamphambano. Munthu amathamanga tsiku limenelo ngati akuthawa njati, chifukwa mzungu amalemba m'kabuku kake zimene waona, osati zimene wamva.

A Chemweno anamupeza akutsuka kapu.

"Mawa ukaoneke kutsogolo, ngakhale maulendo khumi okha. Ine ndikhale ndi choloza."

"Lero ndathamanga 35, akochi. Mawa ndi tsiku lofewa."

"Iyeyu sadziwa za masiku ako atatuwo. Akafunsa kuti mayi wa zaka 43 akutani pa mndandanda, ndimuyankhe chiyani? Kuti a Kendagor analota?"

Tabitha sanapite kukafunsa a Kendagor. Ankadziwa yankho, ndipo sankafuna kulimva. M'mawa anavala nsapato zopepuka za liwiro, anavula, anavala zolemera za masiku ofewa, anavulanso. Anafika pamphambano atavala zopepuka.

Anthu anali ochuluka kuposa masiku onse. Pikapu inali itaima pambali, manijala ali chilili kumbuyo ndi chipewa chake chachikulu, a Chemweno pambali pake. Tabitha anadzipanikiza mpaka mzera wachitatu. Anagwedeza mwendo wamanzere ndipo anamva katumba akuyankha, osati ndi ululu, koma ndi kulemera kuja kumene anali atakuphunzira, kwa nyama imene ikusokedwa.

Mawotchi analira.

Gulu linaphulika, linamugunda mapewa mbali zonse, wina anamutukwana kuti asaime pamsewu ngati chitsa. Tabitha anawalola onse kudutsa. Fumbi litayamba kutsika, anayamba kuthamanga pang'onopang'ono, yekha, liwiro la kwaya lija. Pikapu inamudutsa pafupi kwambiri moti anaona manijala akumuloza ndi cholembera, akufunsa kanthu. A Chemweno anayankha osamuyang'ana.

Masana dalaivala wa pikapu, amene sasunga mawu, anauza kampu yonse yankholo. Akuti a Kochi anati: ameneyo ndi wophika wathu, amakonda kulimbitsa thupi.

Atsikana anaseka, koma osati onse. Jebiwot, amene anauluka tsikulo mpaka manijala anamujambula, anangoyang'ana m'mbale.

Tabitha anapita pakhonde.

"Akochi, mawu a Okutobala aja akadalipo?"

A Chemweno anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Mawu ndi mawu. Koma wandiika pamoto."

"Ndamva kuti mwandiika kukhitchini."

Masabata atatu otsalawo anali aatali kuposa miyezi inayi yonse. Makilomita anachepa, monga zimakhalira mpikisano ukayandikira, ndipo mphamvu zosowa kopita zinkamuzunguza. Ankamva ululu m'malo osapweteka. Anapita kwa a Kendagor katatu sabata imodzi, mpaka iwo anamuuza kuti mwendo uli bwino, chodwala ndi mutu, ndipo mutu sanauphunzire.

Tsiku la mpikisano kunacha kozizira, kopanda mphepo. Mfuti italira, amayi akutsogolo ananyamuka ngati ndi Lachinayi. Tabitha anayang'ana wotchi. Kuti akwanitse, kilomita iliyonse inkafunika mphindi zitatu ndi masekondi makumi anayi, osaposa, komanso osaba. Pofika kilomita yachisanu, gulu loyamba linali litazimiririka pakona.

Pakati pa mtunda anali wa nambala 19, atachedwa ndi masekondi makumi awiri. A Chemweno anali m'mbali mwa msewu. Anayang'ana wotchi yawo, kenako anayang'ana iye.

Marathoni imayamba kulankhula pa kilomita ya 30. Pamenepo Tabitha anayamba kutola anthu. Sanawonjezere liwiro kwenikweni. Iwo ndiwo ankabwerera kwa iye. Wina ankathamanga mutu uli chagada. Wina, wa kampu yawo yomwe, anali atakhala pa mwala akugwira ntchafu. Tabitha sanawerenge. Ankangomva mapazi ake, ofanana, ofanana, ngati munthu akusinja.

Pa kilomita ya 36 katumba anakoka.

Sunali mwala uja. Chinali ngati chala chikumutsina mochenjeza. Mantha anamugwira, ndipo kwa mamita angapo anaona ufa wa chapati m'manja mwake. Anafupikitsa mapazi, anaponda mopepuka, anasiya kuyang'ana wotchi. Chalacho chinagwirabe kilomita yonse. Kenako chinamasula pang'ono, ndipo mwendo umene unanyamula zigubu miyezi inayi unapitiriza ntchito.

Atakhota kona yomaliza anaona wotchi yaikulu pamwamba pa mzera. Inali pa mphindi 33 ndi masekondi ambiri. Sakumbukira za mamita otsalawo.

Maola awiri, mphindi 34, masekondi 31. Wachisanu.

Jebiwot anali atafika kale, wachiwiri. Zaka 24 ndi zaka 24 basi, ndipo nkhani ino si ya matsenga. Ndiye amene anamugwira Tabitha asanagwe, n'kumufunda bulangete lake.

"Amayi, singano ija mwaipeza," anatero chapansipansi.

A Chemweno anabwera mosafulumira, manja ali m'matumba a jekete. Anafunsa za mwendo. Anadandaula kuti theka loyamba linali laulesi. Kenako anati Lolemba 6 koloko aliyense akhale pageti.

"Lolemba ndigona, akochi. Lachiwiri ndiyenda wapansi."

"Nanga ndidzakuona liti?"

"Ndikawerengera ndikuuzani."

A Kochi anapukusa mutu ngati munthu amene wagulitsidwa mbuzi yake yomwe. Anayamba kuchoka, kenako anabwerera.

"Pasipoti yako ikadali ndi moyo?"

Inali itafa kalekale. Zinamutengera maulendo atatu a basi kuti apeze ina.

Mu Epulo, ali ndi zaka 44, Tabitha Jesire anathamanga mu mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumene mpweya ndi wochuluka moti ananena kuti umangolowa wokha. Anamaliza mu maola awiri ndi mphindi 28, wachisanu ndi chinayi mwa amayi onse, woyamba mwa opitirira zaka makumi anayi. Anangochedwa ndi mphindi imodzi poyerekeza ndi mtsikana wa zaka 31 amene anali kale.

Tsono inu amene muli pansi. Anthu adzakuuzani kuti limbikani, ndipo sakunama. Koma Tabitha sanavulale katatu chifukwa cha ulesi. Ankalimbika kuposa aliyense, pa nthawi ya anthu ena. Mwina inunso simunalephere. Mwina mukungothamangitsana ndi anthu amene thupi lawo, msinkhu wawo ndi katundu wawo si wanu. Kuwalola akudutseni anthu akuona kumawawa kuposa kugwa. Aloleni. Pezani masiku anuanu, muwawerenge bwino, ndipo tsiku lanu lolimba likafika, musalinyengerere.

Mtima musautaye. Koma sabata ya mnzanu, ibwezeni kwa mwini wake.